Manambala pa Mkono wa Wosoka Nsapato

Mkazi wa dalaivala wa galimoto ya buledi anabwera Lachinayi m'mawa, ine ndikupinda mabulangeti. Sanagogode. Anangoima pakhomo ndi kajumbo m'manja, nsapato zili matope okhaokha, n'kudikira mpaka nditamaliza bulangeti limene ndinagwira. Munthu wa mavuto amene amadikira kuti mnzake amalize kupinda bulangeti, ine ndimamumvetsera.

"Ndinu amayi amene mumayankha foni ya ambulansi?"

"Ndine. Lowani, mpando uwo."

"Ndiye kuti munamva mawu a bambo a kwathu tsiku lija. Mayi, kodi anali mawu a munthu amene wapha munthu?"

Nkhani yake inali iyi. Lolemba masana kunagwa chimvula choti sukanaona nyumba ya tsidya la msewu. Wosoka nsapato wa pafupi ndi mlatho, mkulu wa imvi amene tonse tinkamudziwa, anagundidwa ndi galimoto akuwoloka msewu kupita kwawo. Amene anatiimbira foni anali dalaivala wa buledi. Wovulalayo tinakamutenga, koma anamwalira m'chipatala Lachiwiri asanatsegule maso. Tsiku lomwelo apolisi anagwira wa bulediyo. Galimoto yake inali yopindika kutsogolo, malaya ake anali ndi magazi, ndipo panalibe wina amene anaoneka pamalopo.

"Kupindikako n'kwa chaka chatha, anagunda geti la kuntchito kwawo," anatero mayiyo. "Magaziwo anawatenga pothandiza anthu anu kunyamula. Iwo akuti anamupeza atagona kale. Mawa 9 koloko akuwatengera kukhoti, ndipo anthu akuti munthu akangolowa kundende yaikulu, kutuluka n'kovuta. Akanakhala oipa mtima akanangodutsa. Anaima, mayi. Mlandu wawo ndi woti anaima."

M'kajumbomo munali juzi ya mwamuna wake. Ku polisi anamuuza kuti wolandira zovala kulibe, abwerenso.

Ndinalibe choti ndimulonjeze. Ndinamupatsa tiyi, tinapemphera pang'ono, iye n'kubwerera kukakhala pa benchi la ku polisi.

Gulu lathu ndi la anthu ongodzipereka. Tilipo khumi ndi anayi, ambulansi ndi imodzi, chipinda n'chimodzi kuseri kwa holo ya tauni. Aliyense ali ndi ntchito yake imene amadyera. Ine ndine telala, ndipo makina anga ali pambali pa foni. Anayambitsa gululi ndi mkulu wina amene tonse timangoti a Kapitawo, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo ndi iwo anatiphunzitsa tonse. Lamulo lawo loyamba aliyense wa ife angalinene ali m'tulo: ukamupeza munthu, yang'ana wotchi, lemba nthawiyo pa mkono wake. Pepala limatayika, pakamwa pamaiwala, koma mkono umakafika naye kwa dokotala.

Mayi uja atapita ndinatsegula buku limene ndimalembamo mafoni. Masana a Lolemba ndinkawakumbukira bwino. Aphunzitsi, amene anapuma ntchito ndipo amatiyendetsera galimoto, anali pa benchi akuwerenga nyuzipepala. A Kapitawo anali atangolowa kumene, madzi akuchucha m'chipewa, ataima pafupi ndi msomali wa makiyi. Foni inalira. Ndinamva mawu onjenjemera, ndipo ndisanaike foni pansi ndinakuwa kuti, "Pa mlatho!" Aphunzitsi analiza hutala kawiri, Wometa anadumpha msewu kuchokera kushopu kwake, a Kapitawo anatsitsa pakhoma thabwa lonyamulira othyoka msana n'kulilowetsa m'galimoto. Sipanathe mphindi ziwiri. Tsiku limenelo ndinawanyadira anzanga.

M'bukumo ndinalemba ndi dzanja langa: foni yalira 2:41.

Pa tsamba lomwelo ndinali nditamatapo kapepala kamene namwino amatipatsa akalandira wodwala. Sindinali nditakawerenga bwino. Pa mzere wa nthawi imene munthu wapezedwa, namwinoyo anakopera zimene anaona pa mkono.

Panali 2:17.

Tinamupeza bwanji munthu mphindi makumi awiri ndi zinayi tisanaitanidwe?

*

Foni ndinasiyira mkazi wa kalipentala, amene amandilandira ndikachokapo, ndipo ndinawoloka msewu. Wometa ndinamupeza ali pamutu pa munthu. Amanditcha alamu chifukwa malemu amuna anga ankawatcha achimwene, ngakhale panalibe chibale.

"Alamu! Mwabwera kudzameta? Dikirani pang'ono, dazi la bambo awa silichedwa."

"Ndabwera ndi funso. Lolemba lija, ndani analemba nthawi pa mkono wa wosoka nsapato?"

"Aphunzitsi. Ndaninso? Munthu amene anakalambira pa bolodi angandisiyire ine zolemba? Cholembera changa chimagwira ntchito dzuwa likawala basi, ngati mwini wake."

"Unawaona akulemba?"

Makina ometera anasiya kulira.

"Kuwaona ayi. Ine ndinali kumutu, nditagwira khosi. Pomuika pa thabwa ndinangoona kuti manambala alipo kale."

"Munamupeza atagona bwanji?"

"Bwinobwino, alamu, ngati pa maphunziro athu a Loweruka. Cham'mbali, bondo lopinda, dzanja kunsi kwa tsaya. Batani la pakhosi lomasula. Magalasi ake atapindidwa bwino m'thumba la malaya. Ndiye ambulera yake yomwe, yotambasula pamwamba pa nkhope, chogwirira atachipsinja ndi mwala kuti mphepo isaitenge. Ndinati mumtima, wa buledi uyu tikamulembe m'gulu."

"Unamuuza zimenezo?"

"Ndinamuyamikira. Anangondiyang'ana. Akuti, 'Achimwene, ine sindinamukhudze, magazi ndimaopa.' Ine ndinayesa manyazi chabe. Ndi ineyo ndinamukakamiza kugwira thabwa kumiyendo, m'pamene anadetsa malaya." Anandiyang'ana kudzera pagalasi. "Alamu, ngati sanali iyeyo..."

"Akulu," anatero wa pampando uja, "mundimaliza kapena ndizipita ndi theka lomweli?"

Wometa sanaseke. Kwa zaka zonse zimene ndamudziwa, aka kanali koyamba.

*

Aphunzitsi anali kuseri kwa nyumba yawo akumangirira tomato. Anapukuta m'manja, anandipatsa mpando, iwo n'kuima ngati ali kutsogolo kwa kalasi.

"Mayi, ndiyankha motsatana. Choyamba, tinafika pa mlatho 2:56. Ndinayang'ana wotchi ya m'galimoto. Chachiwiri, ndinatulutsa cholembera, koma nditagwira mkono ndinapeza palembedwa kale. Ndinaganiza kuti mnzathu wometa wandiposa changu, ndipo ndinadabwa, chifukwa si khalidwe lake. Chachitatu, sindinawerenge. Magalasi anga anali madzi okhaokha. Kumeneko n'kulakwa kwanga, ndipo mukulembe."

"Sindinabwere kudzalemba zolakwa za anthu, Aphunzitsi."

Ndinawaonetsa kapepala ka namwino. Anakawerenga kawiri, n'kukhala pansi pa ndowa yovundikira.

"Ndiye kuti ine ndinayesa ndi iye, iye anayesa ndi ine."

"Zikuoneka choncho."

"Mayi, anthu odziwa kugoneka munthu cham'mbali m'tauni muno ndi ambiri. Taphunzitsa m'masukulu, m'matchalitchi, ngakhale kumsika. Koma zolemba nthawi pa mkono sitiphunzitsa anthu akunja. Zimenezo n'zathu za m'nyumba." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya, nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. "Tilipo khumi ndi anayi. Mmodzi wa ife anafika pa mlatho ife tisanafike, ndipo sananene."

*

Ndinkafuna kudziwa kumene wa buledi anali pa 2:17. Mkazi wake anali atandiuza kuti malo omaliza kusiya buledi asanafike pa mlatho ndi golosale ya pafupi ndi sukulu ya pulaimale. Mwini golosaleyo ndi mayi wa mawu aakulu, woti akamanong'ona amamveka kumsewu. Ndinamufunsa za wa buledi ndi Lolemba lija.

"Ameneyo? Bambo wa manyazi uja? Anafika 2 koloko itangokwana, mvula n'kuyamba. Ndinati, bambo, buledi wanga musandinyowetsere, khalani pansi. Anandimwera tiyi makapu awiri, shuga masupuni atatuatatu, ngati shugayo ndimakumba kuseri kwa nyumba. Anachoka belu la sukulu litalira."

"Limalira nthawi yanji?"

"Hafu pasiti thu, zaka zonsezi. Ana anadzaza pakhonde langa ngati nkhuku zonyowa, iye n'kumawapempha njira kuti adutse. Munthu wopempha njira kwa ana, ameneyo n'kupha munthu n'kukana?"

"Apolisi munawauza?"

"Anandifunsa ndani? Woyankha asanafunsidwe amati ndi wamiseche. Koma abwere, ndiwauza zonse, ndi za shuga zomwe."

Pochoka anandipatsira mabanzi awiri m'kapepala. "Mukampatse mkazi wake. Musanene kuti achokera kwa ine."

*

Mkazi wa wa buledi anali pa benchi la panja pa polisi, kajumbo kali pamiyendo. Ndinamupatsa mabanzi aja, ndinalowa.

A Sajeni ndi mayi wamtali wosakonda mawu ambiri. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula, chala chili pa tsaya.

"Mayi wa golosale akhoza kusokoneza masiku," anatero. "Anthu anu akhoza kulakwitsa nthawi. Kunali mvula."

"Anthu athu sanalembe."

"Ndiye analemba ndani? Malemuwo?"

A Sajeni anapitiriza.

"Mayi, inu munanyamulapo mchemwali wanga ali pakati, sindinaiwale. Ndikukukhulupirirani. Koma woweruza safunsa zimene Sajeni akukhulupirira. Ine ndili ndi galimoto yopindika, malaya a magazi, ndi munthu amene anali pamalopo. Inu muli ndi kapepala. Mukafuna kuti uyu atuluke, ndionetseni amene ayenera kulowa."

"Kodi mkonowo munaujambula?"

Anatsegula faelo, anasanthula, n'kundikankhira chithunzi chimodzi patebulo.

Ife tikamalemba timalemba pafupi ndi dzanja, timanambala toti n'kuphimba ndi chala chachikulu. Awa sanali otero. Anayambira pa dzanja mpaka pa chigongono, nambala iliyonse kutalika ngati chala, olembedwa ndi cholembera chonenepa chakuda, chimene mvula sichotsa.

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Mwaonapo chiyani?" anafunsa a Sajeni.

"Ndipatseni mpaka madzulo."

Anabweza chithunzicho m'faelo.

"Galimoto ya kukhoti imanyamuka 9 koloko m'mawa. Siyembekeza munthu."

*

Ndinabwerera kuchipinda chathu, ndinaima kutsogolo kwa bolodi la pakhoma pamene pamalembedwa amene ali pa ntchito tsiku lililonse. Ndimaliona tsiku ndi tsiku, koma tsiku limenelo m'pamene ndinaliyang'ana. Mayina a masiku, pamwamba, analembedwa kalekale ndi penti, tizilembo tating'ono towongoka ngati ta makina. Za mwezi uno, m'munsimo, zinali zilembo zazikulu ngati chikhatho, zina zitakwerana. Dzanja lake linali limodzi. Bolodi limeneli amalemba ndi a Kapitawo okha, ndipo cholembera chake amayenda nacho m'thumba la malaya.

Zilembozo zinakula pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, ife tikuona.

Zinthu zina zimene ndinkaziyesa ulemu chabe zinayamba kubwera chimodzichimodzi. Chaka chatha anayamba kupereka makiyi a ambulansi kwa Aphunzitsi, akuti kuti azolowere. Kalata ikabwera ankandipatsa ine kuti ndiwerenge, akuti mawu anga amamveka bwino. Foni yawo ya m'manja anayamba kuisiya kunyumba, akuti imawasokosera. Pothira tiyi ankaika chala m'kamwa mwa kapu. Zonsezi ndinaziona. Ndinkawasunthira mpando pa njira asanalowe, ndinkaika kapu yawo malo amodzimodzi, ndipo sindinanene kanthu kwa munthu. Ndinkati ndikuwasungira ulemu.

Kenako ndinayang'ana pakhoma pamene timapachika thabwa.

Pa mlatho timaitanidwa kawirikawiri. Amayi oyembekezera a tsidya lija amatidikira pamenepo, ana opsa ndi madzi otentha amawabweretsa pamenepo. Thabwa n'lolemera ndipo limadya malo, sititenga pokhapokha titamva kuti ndi ngozi ya pamsewu. Lolemba lija ine ndinangoti, "Pa mlatho." Za galimoto ndinali ndisananene. Ndipo munthu amene kwa zaka zonsezi sanatsaleko ambulansi ikunyamuka iye alipo, tsiku limenelo anatsala, akuti mawondo.

Mkazi wa kalipentala anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinati ayi. Ndinalowa m'kachipinda kosungira machira, ndinatseka chitseko, ndinagwada pakati pa mabulangeti. Ndinapempha chinthu chimodzi: Ambuye, ndionetseni kuti ndalakwitsa.

Amuna anga anamwalira pamsewu zaka khumi ndi zisanu zapitazo. Amene anakawatenga ndi a Kapitawo. Nditafika kuchipatala ndinapeza atawafunditsa bwino, ndipo kumapazi atakulungako jekete yawo. Ndinadzamva patapita zaka kuti nsapato imodzi inasowa pangozipo, ndipo iwo sanafune kuti ndione phazi lopanda nsapato. Anabwerera kwawo m'mphepo ndi malaya okha. N'chifukwa chake ndinabweretsa makina anga m'chipinda chino.

Ndinadzuka, ndinasasa mawondo. Yankho limene ndinapempha silinabwere. Chimene chinabwera ndi nkhope ya mayi uja pa benchi, ndi juzi yake m'kajumbo.

*

A Kapitawo amakhala okha kumapeto kwa msewu wa kumanda. Mayi a kunyumba kwawo anatsogola kale, ana ali kutali. Dzuwa linali litatuluka tsiku lonse, koma kagalimoto kawo kakale, kapikiapu kamene amakatsuka Loweruka lililonse n'kukasiya poyera, kanali kofunditsidwa lona mpaka kumatayala. Sindinakweze lonalo. Pansi, kutsogolo kwake, panali timagalasi ta nyali tingapo tosesedwera pamodzi ndi tsache.

Anali pakhonde akusoka lamba wa machira, akufufuza mabowo ndi zala.

"Odi."

"Ndani? Aa, mayi a foni. Ndamva mayendedwe. Lowani. Foni mwasiyira ndani?"

"Mkazi wa kalipentala."

"Ameneyo amalemba bwino, koma amachedwa kufunsa kuti munthu akupuma kapena ayi. Muzimukumbutsa."

Analowa m'nyumba n'kubwera ndi tiyi. Anathira, chala chili m'kamwa mwa kapu. Ndinalandira ndi manja awiri. Tinamwa. Patebulo panali Baibulo lawo lotseka, ndipo pamwamba pake panali fumbi.

"Bambo, ndinali ku polisi," ndinatero. "Ndaona chithunzi cha mkono wa wosoka nsapato."

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono, akufunafuna tebulo ndi dzanja linalo.

"Ankawerengeka?"

"Ankawerengeka bwino."

"Ine sindinawaone. Ndinangolemba." Anapukusa mutu. "Wotchi ndinaiika pamphuno penipeni kuti ndione. Ndinamaliza kulemba ndisanaganize n'komwe. Dzanja linangochita zimene linazolowera."

Ndinawadikira kuti apitirize. Ndinaphunzira kwa iwo omwe kuti munthu wovulala sumuthamangitsa.

"Maso anayamba kuchita ng'ala chaka chatha. Ambulansi ndinaisiya, ndinati sindingaike odwala pa maso amenewa. Koma kagalimoto kangaka ndinati msewu ndimaudziwa, ndauyenda zaka makumi anayi. Lolemba ndinkabwera kwa inu komweko. Mvula ija... ndinangomva kugunda. Ndinayesa galu." Analoza kumapazi kwawo. "Nsapato zimene ndavalazi anasoka ndi iyeyo."

"Munaima."

"Ndinaima. Ankapuma. Ndinamutembenuza bwino kuti asatsamwe. Kumukweza ndekha sindikanatha, khosi linali losaoneka bwino, ndipo inu mukudziwa zimene ndimanena za munthu wonyamula mnzake popanda thabwa. Foni ndinalibe. Ndinakuwa, mvula inameza mawu. Ndinati ndithamangire ambulansi. Ulendo wa mphindi khumi unanditengera makumi awiri, ndikuyenda ngati kamba, mutu uli kunja kwa windo. Ndinalowa kuti ndinene, mayi. Mulungu ndi mboni. Pakamwa ndinatsegula. Foni inalira."

"Ndikukumbukira."

"Ndinati, basi, wina wamupeza, athandizidwa, ndinena akabwerako. Atabwerako ndinati ndinena mawa, akatsitsimuka. Mawa lakelo anamwalira. Ndiye ndinayamba kudziuza kuti a khonsolo akamva kuti woyambitsa gulu wapha munthu ali wakhungu, atilanda galimoto. Ndinati ndikuteteza gulu." Anaseka kaseko kopanda chimwemwe. "Munthu akamaopa amapeza zifukwa zabwino kwambiri."

"Bambo, inenso ndinaona za maso anu. Ndinkasuntha mipando. Ndikanalankhula, mwina mkulu uja bwenzi lero akusoka nsapato. Zimenezo ndidzayankha ndekha pamaso pa Mulungu. Koma si zimene ndabwerera."

"Nenani."

"Wa buledi ali m'chitokosi kuyambira Lachiwiri. Mawa m'mawa akupita kukhoti. Mkazi wake ali pa benchi la ku polisi ndi juzi imene akukana kumulandirira. Anandiuza kuti mlandu wa mwamuna wake ndi woti anaima."

A Kapitawo anaphimba nkhope ndi manja. Sanalire mokweza. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. Ine ndinayang'ana kumbali, kumtengo wa mandimu umene mayi a kunyumba kwawo anabzala.

"Ngati ameneyo amangidwa," ndinatero patapita nthawi, "m'tauni muno palibenso adzaime akaona munthu pamsewu. Foni yanga idzangokhala. Ndiye galimoto imene mukuiteteza idzanyamula ndani?"

"A Sajeni mwawauza?"

"Ayi. Ndinati mukawauze nokha. Koma 9 koloko isanakwane adzakhala atamva, kaya kwa inu, kaya kwa ine. Sindinafune kuti mudzamve kwa wina kuti ndi ine."

Anagwedeza mutu. Anamaliza mfundo ya lamba uja, anaidula ndi mano, anaupinda bwino n'kundipatsa. "Uyu ndi wa machira aang'ono. Wakale uja watsala pang'ono kuduka, musamudalire." Anapisa m'thumba la thalauza n'kutulutsa makiyi a chipinda chathu, ndi a kapikiapu omwe, n'kuwaika m'dzanja langa. Analowa m'nyumba, anatseka mawindo, anavala jekete.

Atatuluka anaima kutsogolo kwanga. Anasolola cholembera chonenepa chija m'thumba la malaya, anandipatsa, n'kukwinya dzanja la jekete mpaka pa chigongono.

"Lamulo ndi lamulo, mayi. Mwandipeza nthawi yanji?"

Ndinayang'ana wotchi. Ndinalemba: 4:52. Ndinalemba manambala aakulu, kuti nawonso awaone.

*

Tinayenda wapansi. Pa chipata anandigwira pa chigongono, ndipo sananamizirenso mawondo. Ndinkawauza pamene pali dzenje ndi pamene msewu watsika. Anthu ankawapatsa moni njira yonse, ena kuwavulira chipewa, iwo n'kumayankha aliyense pomutchula za kwawo: mwana uja wachira, mwendo wa agogo uli bwanji. Tikudutsa pa shopu, Wometa anatuluka ndi lumo m'manja. Anaona mkono wokwinya uja, anaona manambala, ndipo anabwerera m'kati.

Mkazi wa wa buledi anali pomwe paja. Ataona nkhalamba ikubwera itagwira mkono wa munthu, anaimirira msanga n'kupukuta benchi ndi dzanja.

"Khalani apa, bambo. Amachedwa kuitana."

A Kapitawo anaima. Anavula chipewa.

"Ayi, mayi. Mwakhalapo nthawi yaitali chifukwa cha ine. Khalani pang'ono pokha."

Mayiyo anandiyang'ana, osamvetsa. Ine ndinawaperekeza mpaka pa chitseko cha a Sajeni, ndinaika dzanja lawo pa chogwirira, n'kubwerera kukakhala naye pa benchi.

Zolembalemba zinatenga nthawi. A Sajeni anatuma wapolisi kukaona kapikiapu, wina kukatenga mayi wa golosale, amene tinamumva akubwera asanakhote pakona. Dzuwa likulowa, chitseko cha kumbali chinatseguka, ndipo wa buledi anatuluka atagwira thalauza ndi dzanja chifukwa lamba anali asanamubwezere. Mkazi wake sanakuwe. Anatsegula kajumbo kaja, anatulutsa juzi, n'kumuveka yekha ngati mwana, kudzanja limodzi kenako linalo.

Bamboyo anandizindikira mawu nditamupatsa moni.

"Ndinu a foni aja? Mayi, mkulu amene walowa uja akuti ndi iye anaika ambulera?"

"Ndi iwo."

Anayang'ana chitseko chotsekacho nthawi yaitali. Kenako anavula juzi ija n'kuipinda.

"Mukawapatse. M'katimo mumazizira."